Macbeth wa pa kanema: vuto lake ndi kamera yosankhira woonera

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa mkangano womwe umabuka nthawi zonse anthu akaonera Macbeth wa pa wailesi yakanema yemwe a Rupert Goold anakonza m'chaka cha 2010. Pakuti sewero la William Shakespeare limeneli amaliwerenga m'sekondale pokonzekera mayeso a MSCE, filimuyi yafika m'maso mwa ophunzira ambiri, ndipo imagawa anthu pawiri. Ena akuti ndi yoyamba kuwamvetsa chomwe seweroli likunena. Ena akuti yaononga Shakespeare poveka anthu a ku Scotland yakale mayunifolomu a asilikali a masiku ano ndi kuwapatsa mfuti. Ife tikuti mbali zonse ziwiri zikukangana pa chovala. Chomwe chimasintha sewero likachoka pa bwalo kupita pa kanema ndi chakuti woonera sasankhanso yekha poti ayang'ane, kamera imamusankhira.

Filimuyi inachokera pa sewero lomwe a Goold anayamba kulionetsa ku Chichester m'chaka cha 2007, kenako linapita ku London ndi ku New York. A Patrick Stewart ndiwo Macbeth, a Kate Fleetwood ndiwo mkazi wake. Anaijambulira ku Welbeck Abbey, chinyumba chakale cha m'dera la Nottinghamshire chomwe chili ndi makonde ndi zipinda za pansi pa nthaka. Inaonetsedwa koyamba pa PBS ku America mu Okutobala 2010, kenako pa BBC Four mu Disembala, ndipo inalandira mphoto ya Peabody. Nkhani yonse yaikidwa m'dziko lofanana ndi Soviet Union ya nthawi ya Stalin, mpaka chithunzi chachikulu cha Macbeth chopachikidwa m'chipinda chodyera.

Za mfutizo sitichedwapo. Shakespeare mwiniwake sanasunge mbiri. Macbeth weniweni analamulira Scotland zaka 17, kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan, mfumu yomwe iye anailowa m'malo, anafera ku nkhondo, sanaphedwe ali m'tulo ngati mmene zilili mu sewero. M'buku la mbiri la Holinshed lomwe Shakespeare anatengamo nkhaniyi, Banquo ndi mnzake wa Macbeth pa chiwembucho, koma mu sewero anamuyeretsa chifukwa mfumu James, yomwe inalowa ufumu wa England mu 1603, inkadziwika kuti ndi ya mbumba ya Banquo. Wolemba yemwe anakhotetsa mbiri motere, cha m'ma 1606, sangadandaule ndi jekete la msilikali. Ndiponso dziko la akazitape ndi anthu osowa usiku lili kale m'mawu a seweroli: Macbeth amanena yekha kuti m'nyumba ya nduna iliyonse ali ndi wantchito yemwe amamulipira kuti azimutengera nkhani.

Poyenera kuchedwapo ndi pa phwando la mu Act 3 Scene 4, pomwe mzukwa wa Banquo, yemwe Macbeth wangomuphetsa kumene, umabwera. Buku loyamba kusindikiza seweroli, la mu 1623, limanena kuti mzukwawo umalowa n'kukhala pa mpando wa Macbeth. Simon Forman, yemwe anaonera seweroli ku bwalo la zisudzo la Globe ku London mu 1611, analembanso zomwezo. Pa bwalo woonera amaona zonse nthawi imodzi. Mzukwa uli pa mpando, Macbeth akunjenjemera, alendo akuyang'ana mpando womwe kwa iwo ndi wopanda munthu, ndipo mkazi akuyesa kuphimba manyazi. Maso ako amayenda okha pakati pa zinayi zimenezi, ndipo mantha amabwera chifukwa ukuona zomwe alendowo sakuona pomwe iwonso ukuwaona.

Kamera singachite zimenezo popanda kutaya kanthu. Ikatalikira kuti onse akwanemo, nkhope zimachepa kwambiri, makamaka pa foni. Ikayandikira Macbeth, alendo asowa. Ikaonetsa mzukwa, yatiika m'mutu mwa Macbeth. Ikaonetsa mpando wopanda munthu, yatiika pakati pa alendo ndipo Macbeth wasanduka wamisala basi. Pa bwalo a Goold anathana ndi vutoli poseweretsa phwandolo kawiri: nthawi yopuma isanakwane anthu ankaona Banquo wamagazi akuyenda pa tebulo, ndipo akabwerako phwando linkayambiranso popanda mzukwa. Pa kanema sanabwereze, anangosinthasintha zithunzi, pena mzukwa ulipo, pena palibe. Njirayi ikugwira ntchito, koma mtengo wake ndi wakuti wodula filimu ndiye akulamula mphindi yomwe tikhulupirire Macbeth ndi mphindi yomwe timukayikire. Mu Macbeth wa a Trevor Nunn, yemwe Thames Television inaonetsa mu 1979, mzukwa mulibiretu. A Ian McKellen, omwe ndiwo Macbeth kumeneko, amalalatira kampando kopanda munthu, malovu akutuluka, ndipo kamera imawakakamira pankhope mpaka woonera kufuna kuyang'ana kumbali. Awiriwa ndi masewero osiyana ngakhale mawu ali amodzimodzi. Mwana wa sukulu yemwe waonera imodzi yokha amatuluka ali ndi yankho pa funso lomwe bukulo limafuna kuti alimbane nalo yekha.

Mpeni wa m'masomphenya, mu Act 2 Scene 1, ndi nkhani ina. Buku silinena kuti mpeniwo uoneke, ndipo mafilimu awiri onsewa sauonetsa. Anachita bwino. Mpeni wojambula pa kompyuta ukangolendewera m'malere, maso onse amapita pa iwo, anthu n'kuyamba kuweruza ngati wajambulidwa mwaluso, mawu a Macbeth odzifunsa ngati ubongo wake ukumunamiza n'kupita padera.

Pa zoyankhula payekha ndi pomwe kanema amaposa bwalo. M'holo munthu woyankhula za mumtima amayenera kukweza mawu kuti wa kumbuyo amve, ndiye chinsinsi chimatuluka mofuula. Kamera ikayandikira, kunong'ona kumakwana. Koma pali chisankho chomwe wotsogolera ayenera kupanga: wosewerayo ayang'ane m'diso la kamera, ayang'ane kumbali, kapena mawu amveke pakamwa pali potseka. Kuyang'ana mu kamera kumasandutsa woonera mnzake wa m'chiwembu, ndipo n'chifukwa chake kumayenera Macbeth asanaphe mfumu, pomwe akadali ndi mtima wofuna wina amumvetse. Njira yachitatu ija imaoneka yanzeru koma imapha ndakatulo, chifukwa mpweya wa woyankhula, pomwe wapumira ndi pomwe wameza malovu, ndi mbali ya tanthauzo. A Goold anachitanso china pa mawu otchuka a mu Act 5 Scene 5, onena za mawa ndi mawa linzake: anabweretsa mtembo wa mkaziyo pa machira kuti Macbeth ayankhule akuuyang'ana. M'buku Macbeth amangouzidwa za imfayo, mtembo sauona. Ambiri amachikonda chithunzichi, nafenso sitichinyoza, koma chimafewetsa munthu yemwe panthawiyi wangonena kumene kuti mantha anaiwala kukoma kwake ndipo zoopsa sizimudzidzimutsanso.

Odandaula akunena zoona pa mfiti. Kuzisandutsa anamwino atatu a m'chipatala cha ku nkhondo ndi nzeru yabwino zedi. Filimu imayamba ndi msilikali wovulala uja akufotokozera Duncan za nkhondo ali pa machira, ndipo akuluakulu atangochoka anamwinowo amamupha m'malo momuchiza. Kenako timawaona ku khitchini, timawaona akuperekera chakudya pa phwando. Zoipa zavala yunifolomu ya anthu omwe timawakhulupirira, ndipo palibe yemwe akuziona. Koma pa Act 4 Scene 1, pomwe Macbeth akukafunsira, zinthu zimasokonekera. Chochitikacho chaikidwa ku mochale, mitembo ndiyo ikulosera, ndipo nyimbo ya mfiti ija yoika zizimba mumphika aisandutsa ngati rapu, ndi kugunda kwa makina pansi pake, zithunzi zikudukaduka mothamanga. Pa zokuzira mawu zabwino zimamveka. Pa sipika ya wailesi yakanema wamba kapena ya foni, kugunda kuja ndi mawu zimalimbirana malo amodzi, ndipo zomwe zimayamba kusowa ndi zilembo za kumapeto kwa mawu. Kwa munthu yemwe Chingerezi cha zaka 400 zapitazo ndi chiyankhulo chake chachitatu, apa ndiye pothera. Choipa n'chakuti maulosi atatu omwe mapeto onse a sewero atsamirapo ali m'chigawo chomwechi: achenjere ndi nduna yotchedwa Macduff, palibe wobadwa mwa mkazi angamuphe, ndiponso sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itafika ku Dunsinane. Wosamva apa sadzamvetsa chifukwa chake Macbeth akugwa mphwayi Macduff akamuuza kuti iye anachita kumutumbula m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane.

Mawu a seweroli ali ndi kayendedwe kake. Mzere wambiri uli ndi maphatikizo khumi ndi kugunda kusanu, ndipo nthawi zina anthu awiri amagawana mzere umodzi. Chitsanzo chili mu Act 2 Scene 2, Macbeth atangotsika kuchokera kopha mfumu. Mkazi afunsa ngati anayankhula, iye afunsa kuti liti, mkazi ati pompano, iye afunsa ngati ndi pomwe amatsika. Timawu timeneti tiyenera kugwa motsatizana popanda mpata, chifukwa ndimo muli kugunda kwa mtima wa anthu awiri omwe akumva phokoso paliponse. Wodula filimu akamasintha chithunzi pa liwu lililonse, n'kusiya kampata kakang'ono kuti nkhope ikhazikike, mzerewo umathyoka ndipo mantha amasanduka kucheza. Mankhwala ake ndi kuwaika onse awiri m'chithunzi chimodzi n'kusiya kamera iyende osadula mpaka kugogoda kwa pa chipata kutamveka. Kugogodako nakonso kusachedwe ngakhale ndi sekondi imodzi, kuyenera kulowa mkaziyo atangotuluka ndi mipeni.

Palinso zomwe a Goold anaonjeza zomwe m'buku mulibe, ndipo izi ndi zomwe zingagwetse mwana pa mayeso. Banquo amaphedwa m'sitima ya pamtunda, pomwe m'buku amaphedwa panja, madzulo, pa njira yopita ku nyumba ya mfumu, atatsika pa kavalo. Nduna yotchedwa Lennox imufunsa nduna inzake Ross mafunso momuzunza ngati wapolisi wachinsinsi, pomwe m'buku, mu Act 3 Scene 6, Lennox akucheza ndi nduna ina yosatchulidwa dzina ndipo akumunena Macbeth mophiphiritsa. Mlonda wa pa chipata ndi Seyton, wantchito wa Macbeth, awasandutsa munthu mmodzi. Hecate, mfumukazi ya mfiti, wachotsedwa, ndipo apa palibe wolira, popeza akatswiri ambiri amati zigawo zakezo analemba ndi Thomas Middleton. Chachikulu ndi imfa ya banja la Macduff. M'buku Macbeth amatuma anthu. Mu filimu iye mwini amapita nawo. Pa maso zimagwira mtima kwambiri, koma taonani mzere womwe Shakespeare anajambula: Duncan amupha ndi manja ake, Banquo amulembera aganyu omwe wayamba wawanyengerera, ana a Macduff angolamula n'kuiwala. Munthuyu akutalikirana ndi magazi pomwe kupha kukumupepukira. Kumubweza pamalo a chiwembu kumafafaniza mzerewo. Chodabwitsa n'chakuti filimu yomweyo inaumvetsa bwino mzerewu pa chigawo cha aganyu aja, pomwe a Stewart akukonza sangweji, kupaka, kudula, kugawirako achiwembuwo, uku akulamula imfa ya mnzawo wapamtima. Pa filimu yonse palibe malo oopsa kuposa amenewo, ndipo palibe dontho la magazi.

Ena anadabwa ndi msinkhu. A Stewart anabadwa mu 1940, a Fleetwood mu 1972. Kusiyana kwa zaka 32 kumeneku kumapatsa banjali fungo lina, la mwamuna wachikulire yemwe akuopa kuoneka wofooka pamaso pa mkazi wachitsikana, ndipo mkaziyo akamutonza kuti si mwamuna, chitonzocho chimaluma koposa. Kumapangitsanso nkhani ya kusowa mwana kukhala yowawa, chifukwa munthu wa zaka zimenezo alibe nthawi yodikira. Kansapato ka mwana komwe mkaziyo amasunga mu dirowa ndi choonjezera china, chomangidwa pa mawu ake akuti anayamwitsapo. Buku silinena kuti mwanayo anapita kuti.

Omwe amaganiza kuti sewero lotere limafuna chuma cha BBC aonere la a Nunn lija. Linayambira mu 1976 ku The Other Place, kanyumba kakang'ono ka ku Stratford, osewera atakhala pa makireti mozungulira bwalo lojambulidwa pansi. Polijambula, a Philip Casson, omwe anatsogolera ntchito ya pa kanemayo, sanaonjeze nyumba zachifumu kapena nkhalango. Kumbuyo kuli mdima, nkhope zokha ndizo zowala. Kulira kwa a Judi Dench, omwe ndiwo mkazi wa Macbeth, pa chigawo choyenda ali m'tulo, kotalika ngati sikutha, anthu akukukumbukirabe patapita zaka zoposa 40. Mutu wodulidwa wa Macbeth, womwe a Goold amauonetsa m'manja mwa Malcolm, mwana wa Duncan, kumeneko kulibe, Macduff amangobwera ndi mipeni yamagazi. Ife tikafunsidwa kuti mwa awiriwa wokhulupirika ku mawu ndi uti, tinena wa 1979. Wogwira msanga mtima wa wachinyamata ndi wa 2010.

Kwa aphunzitsi, pempho lathu ndi lakuti filimu isatsogole. Ya a Goold ndi yotalika pafupifupi maola awiri ndi mphindi 40, kutanthauza mapiriyodi anayi a mphindi 40 popanda kuima n'kamodzi komwe, ndipo kuonetsa yonse tsiku limodzi n'kungotopetsa ana. Chothandiza ndi kuwerenga chigawo m'kalasi mokweza, ana atagawana mbali, kenako kuonetsa chigawo chomwecho, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mawu olembedwa pansi pa chithunzi atayatsidwa. Mukaimitsa, funso likhale lakuti kamera yationetsa chiyani chomwe buku silinanene, ndipo yabisa ndani. Mwana aliyense akhale ndi tsamba logawidwa pawiri, mbali ina za m'buku, mbali ina za mu filimu, chifukwa wolemba mayeso amafunsa za m'buku, ndipo yankho lonena za anamwino kapena sitima ndi lolakwa ngakhale litalembedwa m'Chingerezi chokoma. Pa phwando la Banquo onetsani mafilimu onse awiri motsatizana, ana akangane okha. Dziwaninso kuti ya 2010 ili ndi magazi ambiri kuyambira mphindi zoyamba, choncho mphunzitsi ayambe waionera yekha. Sipika ikhale kutsogolo pafupi ndi chithunzi, ndipo mabesi achepetsedwe kuti mawu a anthu atuluke.

Magulu a zisudzo omwe akufuna kujambula sewero latsoka, kaya la Shakespeare kaya lawolawo, atengepo phunziro lakuti kuimika kamera imodzi kumbuyo kwa holo kumangosunga chikumbutso, sikupanga filimu. Pamafunika makamera atatu: imodzi pakati yotenga bwalo lonse, ziwiri m'mbali zotenga nkhope mopingasa, ndipo zonse zikhale mbali imodzi ya mzere wolumikiza anthu awiri omwe akuyankhulana. Kamera imodzi ikadumpha mzerewo, pa chithunzi onse awiri amaoneka akuyang'ana kumodzi ngati akuyankhula ndi munthu wachitatu. Mawu asadalire maikolofoni ya pa kamera, yomwe imatola phokoso la holo ndi la malata. Osewera akuluakulu avale timaikolofoni ta pa chifuwa, pafupifupi masentimita 20 pansi pa chibwano, tomatidwa bwino kuti nsalu isamakhulepo, ndipo pakuyamba kujambula wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa makamera onse kuti podula mudzapeze polumikizira mawu ndi chithunzi. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, choncho jambulani pa mafelemu 25 pa sekondi ndi shata ya 1/50. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa 30, ndipo pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethira kapena kuyenda mizere.

Mdima nawo umanyenga. Macbeth ndi sewero la usiku, koma mdima wa pa kanema umapangidwa ndi kuwala: nyali imodzi yowalitsa mbali imodzi ya nkhope, ina yofooka kumbuyo yolekanitsa mutu ndi khoma. Mukangozimitsa magetsi, kamera imadzikweza yokha n'kudzaza chithunzi ndi timadontho, ndipo filimu ikapanikizidwa kuti itumizidwe pa foni, malo akuda onse amasanduka mabokosi. Magazi musawawalitse ndi nyali yofiira, amazimirira. Pa khungu lakuda amaoneka bwino akakhala onyowa ndipo kuwala koyera kukuwagunda cham'mbali. Jambulani zonse za zovala zoyera musanatsegule botolo la magaziwo, ndipo akapakidwa, wina ajambule manjawo pa foni kuti pobwereza adzapakidwe chimodzimodzi, apo ayi banga lidzasamuka dzanja pakati pa chiganizo.

Chovuta kuposa zonsezi ndi wosewera yemwe anazolowera holo. Mawu omwe amafika kumbuyo kwa anthu 300 amaswa maikolofoni ya pa chifuwa, ndipo kutambasula manja komwe kumaoneka bwino patali kumatuluka kunja kwa chithunzi. Asanayambe kujambula, aliyense ayeserere mbali yake akuyankhula ndi munthu yemwe wakhala mita imodzi kuchokera pomwe iye ali, kenako aonere yekha zomwe zajambulidwazo. Ambiri amachepetsa okha akadziona, ndipo yemwe wachepetsa mpaka mawu kumezeka mumubweze pa zilembo za kumapeto kwa liwu lililonse, osati pa kukweza.

Aphunzitsi ndi okonza zisudzo,
Zomba